Ndinalemba za Amake Tasnim

Ndinali kusita malaya a amuna anga ndi simbi yamakala, poti magetsi anali atazima chim'mawa, pamene foni inalira pawindo. Anali Vailet, mnzanga wa m'kalasi. Iye ndiye amatiuza zonse zochitika pa maphunziro athu, ngakhale zimene aphunzitsi sanamutume.

Anandiuza kuti ndiike kaye simbi pansi. Aphunzitsi athu, a Mbewe, anali atasankha nkhani yanga. Mwa nkhani zisanu ndi zitatu zimene tinapereka, yanga ndiyo tikakambirane m'kalasi mawa lake, ndipo Lachisanu, tsiku lotsekera, ndikaiwerenge pamaso pa alendo. Ikatero idzalowa m'kabuku kamene yunivesite imasindikiza chaka ndi chaka.

"Aitumiza kale pa gulu lathu la pafoni," anatero Vailet. "Ine ndaiwerenga kawiri. Amayi inu, mumangokhala duu m'kalasi ngati mwabwera kudzaperekeza wina, chikhalirecho muli ndi zoterezi?"

Ndinamuthokoza. Nditadula foni ndinathokozanso Mulungu, monga ndimachitira ndikalandira kanthu kalikonse. Ndinanyamula simbi, ndipo ndili pakati posita kolala ndinakumbukira kuti pa gulu la pafonilo palinso Mujahid, mnzathu wa m'kalasi, ndi kuti mayi amene ndinamulemba m'nkhaniyo ndi amayi ake aang'ono, mnansi wanga wa kuseri kwa mpanda. Mayiyo sankadziwa kuti ndamulemba.

Ndimaphunzitsa Chinyanja pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Chipata. Zaka ziwiri zapitazo ndinalembetsa maphunziro a digiri yachiwiri, ya kalembedwe ka nkhani ndi ndakatulo, pa yunivesite ina ya ku Lusaka. Ife sitipita ku Lusakako. Masukulu akatsekera, aphunzitsi athu, a Boaz Mbewe, amakwera basi kubwera kuno, ndipo kwa masabata awiri timakumana m'kalasi yobwereka, anthu akuluakulu asanu ndi atatu titadzipanikiza pa madesiki a ana. Miyezi ina yonse timatumiza zolemba zathu pa imelo. Iwo amazisindikiza, n'kuzichonga ndi cholembera chobiriwira, n'kutitumizira zithunzi zake.

Nkhani zanga zitatu zoyamba zinabwerera ndi mawu amodzimodzi pansi pake: ulaliki wabwino, koma nkhani ili kuti? Zinandipweteka, poti ndinali nditazipempherera. A Mbewe si munthu waukali. Amabwera ndi nthochi m'chikwama n'kumagawira amene sanadye, ndipo akafuna kunena mawu olemera amayamba avula magalasi. Koma pa cholembedwa sanyengerera munthu. Ankati tisawauze kuti uje ndi wachifundo. Tiwauze chimene ananyamula, ndi dzanja limene ananyamulira.

Tsiku lina anatitumiza ku msika wa Kapata ndi makope, kuti aliyense akalembe zinthu makumi awiri zimene waona, popanda liwu loyamikira kapena lodzudzula. Ine ndinalemba za mayi amene ankaingitsa ntchentche pa nsomba za mnzake wopita kukayamwitsa, ndi za kondakitala amene anagwirizira ndodo ya nkhalamba mpaka mwini wake atakhazikika pampando. A Mbewe anawerenga, n'kunena kuti maso ndili nawo, koma ndikaona chinthu ndimathamangira kuchivindikira ndi vesi. Kuyambira pamenepo, chilichonse chimene ndinkapereka ankayamba adula ndime yomaliza asanawerenge n'komwe zinazo. Poyamba ndinkaona ngati akundilanda pemphero. Kenaka ndinazolowera kupemphera nditatseka kope, osati m'kati mwake.

Ntchito yomaliza ya chaka chino inali yakuti aliyense alembe chinthu chimene munthu wina anamuchitira, chimene sanachikambepo ndi wina aliyense. Ndinadziwa nthawi yomweyo chimene ndingalembe. Ndinachizemba masabata awiri, kenaka ndinakhala pansi.

Amake Tasnim, dzina lawo a Zaitun, tagawana nawo mpanda zaka khumi ndi zinayi tsopano. Iwo ndi Asilamu, ndipo ali ndi sitolo ya nsalu m'tauni. Mvula ikayamba ine ndili ku sukulu, zovala zanga ndimazipeza zitaanulidwa ndi kupindidwa pakhonde. Nkhuku ya Khirisimasi ndinkapita nayo kwa amuna awo, a Zuberi, kuti aizinge okha mwa chipembedzo chawo, n'cholinga choti mbale imene ndiwatumizire adye opanda chikayiko. Sitinakhalepo anthu okamba zambiri.

Zaka zitatu zapitazo a Zuberi anamwalira, ndipo amake Tasnim analowa edda. Imeneyi ndi nthawi ya miyezi inayi ndi masiku khumi imene mkazi wamasiye wachisilamu amakhala pakhomo osayendayenda. Alamu awo, a Aliyu, mkulu wake wa malemuyo, ndiwo amayang'anira banja lonse, ndipo pa mwambo umenewu anakhwimitsa. Sitolo inatsekedwa, zakudya ankabweretsa ndi achibale, geti linkakhala lotseka tsiku lonse.

Pa sabata yachitatu ya eddayo, Lamulungu m'mawa, ine ndinayamba kutaya magazi. Ndinali ndi pakati pa miyezi inayi. Amuna anga, a Lawrence, anali kumunda ku Madzimoyo, mwana wathu Abel anali ku sukulu yogonera konko, ndipo anansi ena onse anali ku tchalitchi. Ndinaimbira anthu awiri, mafoni awo anali ozimitsa. Ndinakwawa mpaka pa mpanda n'kuitana.

Amake Tasnim anabwera, anandiyang'ana, sanafunse kanthu. Pampando m'nyumba mwanga panali chitenje changa cha Chigwirizano cha amayi a mpingo, chimene ndinakonza kuvala tsikulo, chojambulidwa mtanda ndi Baibulo lotsegula paliponse. Anachitenga n'kudzifunda nacho kumutu mpaka m'maso, kuti anthu a m'njira asawazindikire. Anatulutsa galimoto ya malemu yonyamulira katundu, imene chitseko chake cha wokwera chinkamangidwa ndi waya. Anandikweza, anapotokola waya uja kawiri ndi dzanja lamanja, lamanzere atalipisa pawindo kundigwira paphewa, ndipo ananditengera ku chipatala. Anandipereka kwa anamwino, anadikira mpaka atandilowetsa, n'kubwerera kwawo anthu asanatuluke m'matchalitchi.

Mwana sanakhale. Ine ndinakhala. Nditatuluka m'chipatala ndinapeza chitenje chija chili chochapa, chopindidwa, pamwamba pa mpanda. Za mimbayo ankadziwa ndi a Lawrence okha. Ku mpingo ndi ku sukulu anamva kuti ndinadwala malungo. A Lawrence ndinawauza kuti munthu wina wachifundo anandithandiza ndi galimoto, ndipo iwo, poona nkhope yanga, sanafunsenso. Edda itatha, a Aliyu anaimirira pamaso pa abale n'kuyamikira mlamu wawo kuti masiku onsewo phazi lake silinaponde kunja kwa geti. Mawuwo ndinawamva ndili kuseri kwa mpanda. Ine ndi amake Tasnim sitinaikambepo nkhaniyi, ngakhale tili awiri. Palibe anandiuza kuti ndisunge pakamwa. Panalibe chifukwa chondiuzira.

Izi ndi zimene ndinalemba. Ndinasintha mayina, tauniyo ndinati ndi Katete, ndipo ndinadziuza kuti zakwana. Waya ndi chitenje ndinazisiya momwemo, poti ndi zinthu zimene a Mbewe anatiphunzitsa kuti tisamataye. Ndinkayesa kuti awerenga iwo okha, monga ntchito zina za pa imelo. Ndipo pansi pa mtima ndinkaona ngati ndikuthokoza. Koma Mujahid, amene amakhala desiki yachitatu kuchokera pa ine n'kumalemba ndakatulo, ndi mwana wa a Aliyu.

Masana a tsiku limene Vailet anaimba, amake Tasnim anandiitana pa mpanda. Anati poti magetsi sakubwera, ndiwapatse foni yanga akanditchajire pa sola yawo, ndisasowe polandirira za ku sukulu. Ndinawapatsa. Anaibweza madzulo itadzaza, pamodzi ndi mandasi anayi m'kambale. Ndinathokoza za mandasiwo, koma za nkhaniyo sindinawauze.

Mawa lake ndinapita ku kalasi nditapemphera kuti zipezeke kuti Mujahid sanaiwerenge. Ndili m'njira ndinadziwa kuti limenelo si pemphero loyenera.

Lamulo la a Mbewe ndi lakuti amene nkhani yake ikukambidwa amakhala pampando wa pawindo ndi kope lake, osayankhula mpaka onse atatha. Amati buku lako likadzafika ku Lundazi sudzapita nalo kukalifotokozera, choncho uzolowere kumva zimene lanena palokha. Ndinakhala pampandopo.

Anayamba ndi a Enoch, amene amagwira ntchito ku khonsolo ndipo amalemba nkhani za apolisi ndi mbava. Anati kalembedwe n'kosalala, koma za chitenjezo sakuzikhulupirira. Mayi wachisilamu, maliro a mwamuna wake asanazizire, n'kufunda nsalu ya mtanda? Anati wolemba wafuna kugwirizanitsa zipembedzo mokakamiza, ngati sewero la ana a Sande sukulu.

"A Enoch, inu nkhani ikakhala yopanda mfuti simuikhulupirira," anatero Vailet. "Mumafuna mayiyo akhale kuti anaba galimotoyo?"

"Akanaba bwenzi ndapereka mamalikisi onse," anayankha a Enoch.

Anthu anaseka. Monika, mphunzitsi mnzanga wa ku pulayimale, anati ndime ya ku chipatala ndi yaifupi kwambiri, mizere itatu yokha pa chinthu chachikulu chotero. A Mbewe anafunsa ngati alipo amene sanamve kupweteka m'mizere itatuyo. Palibe anakweza dzanja. Anatiuza kuti titsegule tsamba lachiwiri tiwerenge kuti mayi wamasiyeyo wayankhula mawu angati m'nkhani yonse. Tinawerenga, tinapeza kuti sanayankhule ngakhale limodzi. Anati komabe palibe mwa ife amene sangamuzindikire atakumana naye pa msika.

Kenaka anavula magalasi n'kunena pamtima chiganizo cha waya uja. Anati zaka ziwiri zonsezi akhala akudikira chiganizo chimenechi kwa ine. Munthu angapeke ngozi, angapeke misozi, koma waya wopotokola kawiri amaulemba ndi munthu amene anauyang'ana. Ndivomere kuti ndinakondwa. Kwa kamphindi ndinaiwala mantha anga.

A Enoch sanagonje. Anatembenukira kwa Mujahid, nati iye ndiye mwini chipembedzo, atiuze ngati mayi wa kwawo angachite zotere.

Mujahid ndi munthu wa zaka za m'ma makumi atatu, wofatsa, ndipo amagulitsa m'sitolo ya bambo ake ya zipangizo zomangira nyumba. Nthawi yonseyi anali atangoyang'ana pa foni yake pamene panali nkhaniyo.

"Wolemba akuti anachita," anatero. "Ine ndilibe chochotsa. Zonse zili m'malo mwake."

Sanandiyang'ane. Nthawi yanga yoyankhula itafika ndinangothokoza onse, ndipo anayesa ndi kufatsa kwanga kwa masiku onse.

Pa nthawi yopuma ndinamupeza pa mpopi akusamba m'manja. Anandipatsa moni mwaulemu monga mwa nthawi zonse, n'kusuntha kuti ndimwe madzi.

"Waya uja ndinamanga ndine, amayi," anatero motsitsa mawu. "Chitseko chinathyoka tikuchokera ku Mwami ndi bambo aang'ono."

Anapitiriza kuti ndisade nkhawa ndi pakamwa pake, iye sakauza munthu. Anati chipembedzo chawo chimalola mkazi wa pa edda kutuluka moyo wa munthu ukakhala pangozi, ndipo shehe aliyense angavomereze zimenezo. Vuto silinali pamenepo. Bambo ake anaimirira pamaso pa abale n'kuchitira umboni chinthu chimene sichinali choona, mlamu wawo ali pomwepo osawakonza, ndipo chimenecho ndicho sadzachiiwala. Kuwonjezera apo chitenje cha mtanda, chimene amayi a m'banjamo adzachikamba pa chikwati chilichonse, mpaka Tasnim adzakwatiwe ndi kubala ake.

"Ndipo Lachisanu bambo akubwera," anatero. "Ndinawaitana kuti adzamve ndakatulo yanga. Galimoto ija amaidziwa kuposa ine."

Anzathu atapita kukagula zakudya, ine ndinabwerera m'kalasi. A Mbewe anali okha, akusenda nthochi pamwamba pa mapepala athu. Ndinayamba kuwauza za amake Tasnim ndi Mujahid nditaimirira. Anandiuza kuti ndikhale, ndipo anamvetsera zonse osandidula.

Choyamba anayesa kuipulumutsa nkhaniyo. Anatenga cholembera chawo chobiriwira, tinaweramira pa pepala limodzi. Tinachotsa waya. Galimoto tinaisandutsa takisi yoitanitsa. Chitenje cha Chigwirizano tinachisandutsa nsalu wamba. Ndiye anafunsa ngati mayiyo angakhale Mkhristu wongofedwa, wopanda edda, poti ku Chipata akazi amasiye achisilamu odziwa kuyendetsa galimoto ndi owerengeka. Titafika pamapeto anawerenga zotsalazo mokweza, ndipo tonse awiri tinamva kuti yabwerera kukhala ulaliki: mnansi wabwino anathandiza mnzake. Anaika cholembera pansi.

Sanandibisire chimene nditaye ndikaichotsa nkhaniyo. Zolemba zathu zonse zimapita kwa oyesa mayeso ku Lusaka kumapeto kwa mwezi, ndipo popanda nkhani imeneyi zanga zotsalazo sizingandidutsitse. Ndikaichotsa, ndiye kuti ndilembe ina yamphamvu chimodzimodzi m'masabata atatu, apo ayi ndidikire chaka chamawa. Anati alembi ambiri amene amawalemekeza sakanaichotsa, ndipo iwo sandikankhira mbali iliyonse.

Ndinaganiza za a Lawrence, amene anali atauza kale abale awo onse kuti chaka chino akazi awo avala mkanjo wa omaliza digiri. Ndinaganizanso kuti mwina ndingaichotse pa mwambo wa Lachisanu pokha, koma m'kabuku ikhalemo, poti a Aliyu sawerenga timabuku ta ku yunivesite. Ndinali nditayamba kale kukonza mawu onenera zimenezo pamene a Mbewe anayankhulanso.

"Koma ine ndinalakwa," anatero. "Ndinaikonda, ndiye ndinathamangira kuionetsa osakufunsani. Zaka zonsezi ndimaphunzitsa anthu kuyang'ana. Sindinapatulepo tsiku limodzi lofunsa kuti zimene waonazo ndi za yani."

Ndinawauza kuti aichotse konse, pa mwambo, m'kabuku, ndi pa zopita kwa oyesa mayeso. Anavomera, ndipo pomwepo analemba pa gulu kuti aliyense afufute nkhaniyo ndipo asaitumize kwina. Pasanathe mphindi zisanu Vailet analowa, foni ili m'manja, nkhope itagwa. Dzulo lake, chifukwa chokondwa, anali ataitumizira mkulu wake, telala amene amasoka pakhonde la sitolo yoyandikana ndi ya amake Tasnim. Anati amuimbira pomwepo kuti afufute. Ndinamuuza kuti si mlandu wake.

A Mbewe anandilola kuweruka msanga. Ndikutuluka anandipatsa pepala lina la nkhaniyo, losakhudzidwa ndi inki, nati nkhaniyi eni ake ndi awiri, ndipo iwo amva kwa mmodzi yekha.

Ndinafika kunyumba dzuwa litapendeka. Ndinamva wailesi kwa amake Tasnim, ndiye ndinadziwa kuti abwerako ku sitolo. Ndinalowa m'nyumba mwanga, ndinagwada pafupi ndi bedi, koma mawu sanabwere. Ndinadzuka n'kuzungulira kukagogoda pa geti lawo.

Anali pakhonde lakuseri, pa mkeka, akusankha mpunga m'lichero. Anadabwa kuti ndadzera ku geti ngati mlendo, nafunsa ngati kwagwa zovuta. Ndinati ayi, koma ndabwera ndi chinthu choti amve. Anasuntha kundipatsa mbali ya mkeka, n'kuzimitsa wailesi.

Ndinayamba ndi kufotokoza za maphunziro anga, zimene ankazidziwa kale, poti ndi iwo amandisungira makiyi ndikapita ku kalasi. Kenaka ndinawerenga. Iwo manja awo anapitiriza kusankha mpunga mpaka nditafika pa chitenje. Pamenepo manja anaima, koma mutu sanadzutse.

Nditamaliza anadzutsa mutu.

"Mwalemba kuti m'njira monse milomo yanga inkagwedera ndi pemphero," anatero. "Sindinkapemphera, amake Abel. Ndinkatukwana giya. Galimoto ija inali itakhala masabata atatu osayenda."

Ndinaseka pang'ono, iwonso anaseka, ndipo ndinayamba kuganiza kuti mwina zikhala zopepuka. Anati chitenje chija anachichapa katatu, osati chifukwa cha mtanda koma chifukwa cha magazi, ndipo anachiyanika m'bafa kuti apongozi awo asachione. Kenaka anafunsa ngati pepalali ndi langa ndekha, kapena aphunzitsi aliona.

Ndinawauza. Aphunzitsi, anzanga asanu ndi awiri, ndi telala wa pafupi ndi sitolo yawo. Mujahid ndinamutchula pomaliza, pamodzi ndi zimene ananena pa mpopi. Ndinawauzanso kuti ndaichotsa, kuti Lachisanu siiwerengedwa ndipo siidzasindikizidwa, ngakhale digiri ichedwe chaka.

Za digirizo sanayankhe. Anaika lichero pambali n'kupukuta manja pa nsalu yawo. Anati telala ameneyo amamudziwa, nkhani siigona m'kamwa mwake. Anayang'ana ku mpanda.

"Tsiku lija alamu akuyankhula pamaso pa anthu, ndinafuna kuimirira," anatero. "Ndinakhala pansi chifukwa cha inu. Ku mpingo kwanu munati malungo. Ndinati mnzanga akanafuna kuti za mimba ija zidziwike akananena yekha, ine sindingaziulule kuti ndidziyeretse."

Zimenezo ndinali ndisanaziganizepo. Zaka zitatu zonsezi ndinkayesa kuti ndine ndikuwasungira chinsinsi.

Anati mawa m'mawa, asanatsegule sitolo, apita okha kwa a Aliyu kukawauza, asanamve kwa telala. Ndinapempha kuti ndipite nawo. Anakana. Anati ndi za m'banja, ndipo ine ndikakhalapo alamu sadzatha kukalipa momasuka, mkwiyo udzangokhala m'mimba zaka ndi zaka. Sankadziwa kuti a Aliyu akaulandira bwanji uthengawo, ndipo sananamizire kuti akudziwa. Anafunsa ngati angakatchule za mimba. Ndinati akatchule zonse.

"Mwalemba bwino," anatero. "Ndinadziona ndekha m'menemo. Koma mpanda ndi uwu, amake Abel. Mwezi wonse mukulemba, tsiku lililonse tinkapatsana moni. Munalephera kundifunsa?"

Ndinali ndi mayankho angapo: kuti ndinasintha mayina, kuti ndinkayesa awerenga munthu mmodzi, kuti ndinkafuna kuthokoza. Onse anali oona, ndipo panalibe limene linkayankha funso lawo. Ndinapinda pepala lija n'kuliika pafupi ndi bondo lawo. Ndinachoka pa mkeka n'kugwada pa simenti.

"Amake Tasnim, sindinakufunseni chifukwa ndinkadziwa kuti mungakane, ndipo ine nkhaniyo ndinkaifuna. Ndinatenga chinthu chanu n'kupita nacho kwa anthu. Ndakulakwirani. Ndikhululukireni."